Cidole sicidwala khansa

Mwezi wathawu ndinagulira mwana wanga kahachi ka pulasitiki pa salaula ku Soweto Market. Kanali pansi pa mulu wa zidole zongocoka m'belo, ka pinki, ka mcira wautali, ndipo kunsi kwa ciboda kunali dzina la Hasbro. Pa khosi pake panali madontho atatu ofiirira amene anakana kucoka ndi sopo. Mwana wanga ali m'Giredi 4 ndipo Cingelezi amawerenga bwino, motero tinatenga foni kuti tione ngati pali cimene cingawacotse. Iye ndiye anayamba kuona dzina limene osunga zidole zakale a ku America ndi ku Britain anapatsa madontho otere: "pony cancer", khansa ya kahachi. Anakhala cete kwa kanthawi, kenako anafunsa kuti, "Amama, nanga tsitsi lake lidzathothoka ngati la ambuye?" Amai anga timakhala nao nyumba imodzi, ndipo kuyambira caka catha ali pa mankhwala a khansa ya m'bere.

Ndikutsutsa dzina limenelo ndi ena onga ilo. Munthu amene amapatsa banga la pa pulasitiki dzina la nthenda imene yagoneka anthu m'zipatala amalakwa pawiri: amanama za cidoleco, ndipo amanyoza wodwala ngakhale kuti sanafune kutero.

Kwa amene sanazimvepo, kusunga zidole zakale ndi malonda aakulu kumaiko ena. Mahachi a My Little Pony amene Hasbro inayamba kugulitsa mu 1983, zidole za Barbie zimene Mattel inatulutsa mu 1959, timagalimoto ta Dinky Toys timene tinkapangidwa ku Liverpool kuyambira mu 1934, zonsezi zili ndi anthu ozifunafuna, kuzikonza ndi kugulitsana. Mtengo umadalira mmene cinthu casungikira, motero kuonongeka kwa mtundu uliwonse kuli ndi dzina lake, ndipo maina ambiri anabwerekedwa kucipatala. Zidole za pulasitiki yolimba za m'ma 1940 ndi 1950, monga za kampani ya Pedigree ya ku Britain, zikayamba kununkha viniga ndi kupindika amati zili ndi "doll disease". Maloboti ena a Transformers, opangidwa ndi pulasitiki ya mtundu wa golide imene imafumbutuka ikakalamba, amati ali ndi "Gold Plastic Syndrome". Timagalimoto takale tikatupa ndi kung'aluka amati ndi "zinc pest", mau ocokera ku Cijeremani amene amatanthauza mliri wa zinki.

Vuto loyamba ndi lakuti maina awa ndi aulesi. Ndimaphunzitsa sayansi ku sekondale, ndipo ndimauza ana kuti dzina labwino limasonyeza cimene cikucitika. Kagalimoto ka Dinky kamang'aluka cifukwa zinki imene anakapangira inali ndi mtovu pang'ono, ndipo cinyezi cimafulumizitsa kudyeka kwa m'kati. Kakayamba kutero sikabwereranso. Cidole conunkha viniga cinapangidwa ndi cellulose acetate, imene ikamaonongeka imatulutsa asidi yemweyo wa m'viniga. Asidiyo amafulumizitsa kuonongekako ndipo angakhudze zidole zoyandikana naco, n'cifukwa cake kuciika pacokha, pozizira, pouma ndi popita mphepo kuli ndi nzeru. Zidole zofewa zimayamba kumata m'manja cifukwa mafuta ofewetsera amene anathiramo popanga amatuluka pang'onopang'ono. Makutu a Barbie wa m'ma 1960 amabiriwira cifukwa ca mkuwa wa m'ndolo zake, ndipo ife a dziko la mkuwa sitifunika kuuzidwa mtundu umene mkuwa umasanduka ukakhalitsa. Pa vuto lomalizali osunga zidole amangoti "green ear", khutu lobiriwira, ndipo aliyense amamva. Ndiye kuti kuchula cinthu mmene cilili amakudziwa akafuna. Liu lakuti khansa siliuza munthu kuti avule cidole ndolo, acicotse padzuwa kapena acisunge pouma. Limangomuopseza.

Vuto laciwiri ndi lalikulu kuposa ilo, ndipo ndi zimene dzinalo limaphunzitsa za munthu wodwala. Onani zimene zimacitikira kahachi kakangonenedwa kuti kali ndi khansa. Mtengo wake umagwa. Ena amakacotsa pa shelefu poopa kuti kapatsira tinzake. Ena amakagulitsa mochipa kwa anthu amene amazula tsitsi ndi kupenta mwatsopano, poganiza kuti mmene kalili kalibenso nchito. M'cinenero ca malondawa, khansa ikutanthauza cinthu cotsika mtengo, coyenera kupatulidwa, cimene catha. Mwana wa zaka 9 safunika digiri kuti alumikize zimenezi ndi ambuye ake. Khansa sipatsirana, komabe tsiku lina mlendo kwathu anakankhira kapu kutali atadziwa kuti ndi imene amai anga amamwera. Maganizo otere sangomera okha, amathiriridwa ndi timau ting'onoting'ono tooneka ngati topanda vuto. Wolemba wa ku America Susan Sontag, atadwala khansa ya m'bere, anatulutsa buku lakuti Illness as Metaphor mu 1978. Mfundo yake inali yakuti tikamagwiritsa nchito khansa pofanizira ciliconse coipa, wodwala timamusenzetsa katundu waciwiri pamwamba pa nthenda yake, katundu wa manyazi.

Mwina wina afunsa kuti nkhani ya anthu osunga zidole ku Ohio kapena ku Manchester ikutikhudza bwanji ife a ku Lusaka. Zidolezo zimatipeza m'mabelo, ndipo maina ao amatipeza pa foni, monga mmene zinacitikira m'nyumba mwanga. Komanso ife tiyenera kuimva msanga nkhani imeneyi kuposa ena. Tinakulira pakati pa "kanayaka" ndi "kaliondeonde", mau amene ankanong'onezedwa munthu akadutsa, ndipo anaopsa ambiri kukayezetsa. Mu 1987 Kenneth Kaunda anauza dziko poyera kuti mwana wake anamwalira ndi AIDS. Anachula nthenda ndi dzina lake lenileni, pa munthu weniweni, popanda nthabwala. Osunga zidole amacita zosiyana ndi zimenezo: amatenga dzina lenileni n'kuliika pa cinthu cosamva ululu. Nafenso khalidweli tili nalo. Tsiku lina m'kalasi mnyamata wina anandibwezera fulashi imene inakana kutseguka pa kompyuta, akuti, "Madamu, iyi ili na kanayaka." Kalasi yonse inaseka. Ine ndinkadziwa kuti mwa amene ankasekawo muli ana amene amamwa ma ARV m'mawa uliwonse asanavale yunifomu, ndipo anasekera limodzi ndi anzao kuti asadziwike.

Otsutsa maganizo anga ali ndi mfundo zao, ndipo si zonse zopanda pake. Amati ngakhale akatswiri a m'nyumba zosungiramo zinthu zakale amakamba za "bronze disease" pamene mcere wa chloride ndi cinyezi zikudya ndalama zakale zamkuwa, ndiponso za "glass disease" pa magalasi. N'zoona. Nafenso timati galimoto yadwala, foni yafa, ndipo palibe amene amalira nazo. Sindikupempha kuti liu lakuti kudwala licoke pakamwa pa anthu. Malire amene ndikuika ndi osavuta kuona: palibe munthu amene wagona mu wodi ndi nthenda ya mkuwa wa ndalama zakale, koma a khansa alimo, a AIDS alimo, a khate aliko. Dzina la nthenda imene ili ndi eni ake amoyo lisiyireni eni akewo.

Ena amati odwala enieni amaseka nthenda yao, nanga ife tikuwakwiyira ciani m'malo mwao? Amai anga amasekadi. Amati caka cino ndalama za ku saluni zapuma. Koma nthabwala imeneyo ndi yao, anailipira ndi kusanza ndi kusagona tulo. Wamalonda amene akulemba liu lakuti khansa pofuna kufotokoza cifukwa cimene watsitsira mtengo wa cidole sanalipire kanthu. Kuseka mpala wako ndi kulimba mtima, koma kubwereka mpala wa mnzako kuti ugulitsire katundu ndi mwano.

Mfundo yomaliza imene ndimamva ndi yakuti mauwa anazolowereka, ndi afupi, ndipo kuwasintha kudzasokoneza ogula ndi ogulitsa. Mu November 2022 bungwe la World Health Organization linasintha dzina la monkeypox kukhala mpox cifukwa dzina lakale linkagwiritsidwa nchito ponyoza anthu. Ngati madokotala a dziko lonse anatha kuphunzira dzina latsopano pa nthawi imene nthenda inali kufala, anthu ogulitsana timahachi ta pulasitiki sangalephere. Ndipotu ena mwa iwo anasiya kale liu lakuti khansa ndipo amati "age spots", madontho a ukalamba. Malonda ao sanafe. Wogula amamvabe kuti cidole cili ndi madontho, ndipo amafunsa kuti ndi angati, ali pati, ndi aakulu bwanji, mafunso amene anayenera kufunsa poyamba pomwe.

Cimene ndikupempha n'cocepa. Dzimbiri likhale dzimbiri, nkhungu ikhale nkhungu, kumata kukhale kumata, kung'aluka kukhale kung'aluka. Wogulitsa anene zimene maso ake akuona, ndipo ngati akudziwa cimene cacititsa acinene, cifukwa cimeneco ndico cingapulumutse zidole zina za pa shelefu. Amene akuona kuti ndikukulitsa nkhani yaing'ono akumbukire kuti caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Liu limene lero likukoma pakamwa limawawa tsiku limene dokotala walichula akuyang'ana munthu wa m'nyumba mwako.

Mwana wanga ndinamuuza kuti kahachi kake kanapangidwa ine ndisanabadwe, kuti pulasitiki ikakhalitsa imasintha mtundu, ndipo tsitsi lake silidzapita kulikonse. Anafunsanso ngati la ambuye lidzamera. Ndinamuuza zoona, kuti kawirikawiri limameranso munthu akatsiriza mankhwala. Madontho atatu aja akalipo pa khosi pa kahachi. Amai anga anakasokera kansalu kofiira ka m'khosi kuti kafanane ndi duku lao, ndipo Laciwiri likubwerali, popita kukalandira mankhwala, akuti atenga kahachiko m'cikwama.