Kupenya Nyama Uli Patali

Mwana ali yense wa ku Ntcheu adziwa anyani. Cimanga cikayamba kukhwima, anyani atsika m'mapiri a Dzonzi ndi a Mvai, nalowa m'minda mbandakuca. Ndipo anyamata akhala pacirindo tsiku lonse ndi miyala ndi zitini, kuti awaingitse. Nyani aopa mwana, mwananso aopa nyani, ndipo pakati pao pakhala danga. Palibe mfumu inalamula za danga limeneli. Mantha ndiwo analiika.

Koma kuli malo ena kumene nyama zinazolowera kuona anthu, ndipo sizithawanso. Kumeneko danga liikidwa ndi lamulo. Malo otere apafupi ndi Ntcheu ndiwo nkhalango ya Liwonde, m'mbali mwa mtsinje wa Shire, kupitirira Balaka. Boma linaipatula m'caka ca 1973 kuti ikhale mosungira nyama, ndipo kuyambira 2015 bungwe la African Parks lithandizana ndi boma poisunga. Muli njobvu, mvuu, ng'ona, njati ndi zipembere. Mikango inatha kale m'menemo, koma anaibwezamo m'caka ca 2018.

Mlendo wolowa m'nkhalangomo auzidwa malamulo. Asatsike m'galimoto koma pa malo ololedwa okha. Akafuna kuyenda pansi, ayende pambuyo pa mlonda wonyamula mfuti, naime pamene mlondayo waima. Asapfuule, asaponye kanthu, asapatse nyama cakudya. Ana a sukulu opita kumeneko nthawi zina adandaula, nati, "Tayenda ulendo wonsewu kudzaona njobvu iri patali ngati culu?" Dandaulo limeneli limveka ndithu, koma nlolakwa.

Njobvu ioneka yofatsa pamene iri kuthyola nthambi, ndipo mayendedwe ace aoneka olemera. Maonekedwe amenewa anyenga anthu ambiri, pakuti ikakwiya ithamanga koposa mwana ali yense wa liwiro. Yoopsa kopambana ndiyo yaikazi ya mwana. Isanathamangitse munthu icenjeza: itambasula makutu, ipukusa mutu, ikweza citamba, nthawi zina ilira. Munthu ali patali aona zizindikiro izi, nabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, ndipo njobvu ibwerera ku msipu wace. Munthu ali pafupi aziona zomwezo, koma nthawi yobwerera alibe. Akuru anati, cosamva anaciphikira m'masamba. Mvuu nayo iri ndi lamulo lace: idya udzu pamtunda usiku, ndipo ikadzidzimuka ithamangira kumadzi, osasamala cimene caima panjira pace.

Kufikira pano lamulo laoneka ngati lochinjiriza munthu yekha. Koma liri ndi mbali yina imene anthu ambiri saiganizira, ndipo ioneka bwino pa nkhani ya nyama yina ya kutali kumpoto.

M'mapiri a Virunga, kumene maiko a Rwanda, Uganda ndi Congo akomana, ndi m'nkhalango ya Bwindi ku Uganda, mukhala anyani akuru akuda opanda mcira, ochedwa agorila a m'mapiri. Kwina konse pa dziko lapansi kulibe. Akhala m'mabanja, ndipo banja liri lonse litsogozedwa ndi mphongo ya msana wotuwa, yolemera ngati amuna awiri akuru. Mkazi wina wa ku America, dzina lace Dian Fossey, anamanga msasa m'mapirimo m'caka ca 1967, nakhala pakati pao zaka zambiri kuphunzira makhalidwe ao ndi kulimbana ndi ochera misampha, kufikira anaphedwa mu 1985. M'caka ca 1981 agorila a ku Virunga anatsala ngati 250 okha. Anthu anawasunga mwakhama, ndipo pofika 2018 onse pamodzi ndi a ku Bwindi anapitirira 1,000.

Alendo acokera m'maiko akutali kukawaona, ndipo ku Rwanda kuyambira 2017 munthu mmodzi alipira madola 1,500. Atalipira ndarama zonsezo, atakwera phiri m'matope ndi m'mvula, aloledwa kukhala ndi agorila ora limodzi lokha. Banja limodzi lionedwa ndi alendo osapitirira 8 pa tsiku. Mwana wosafika zaka 15 saloledwa. Kwa zaka zambiri lamulo linati mlendo aime mamita 7 kucokera pa nyamazo, ndiwo utali wa anthu akuru anai atagona pansi motsatizana. Ndipo pa mliri wa Covid-19, mu 2020, anaonjeza kufikira mamita 10, nalamula kuti alendo aziphimba pakamwa ndi mphuno. Wodwala cimfine abwezedwa, ngakhale wacokera tsidya la nyanja.

Nanga cirombo camphamvu cotere ciopa ciani kwa munthu wopanda mkondo? Ciopa mpweya wace. Thupi la gorila lifanana kwambiri ndi la munthu, kotero kuti nthenda za anthu zimgwira iyenso. Koma thupi lace silinazizolowere. Munthu akayetsemula, timate tating'ono touluka tinyamula nthenda mapazi angapo. Cimfine cimene mwana apita naco kusukulu cikhoza kugwetsa nyama imeneyi. M'caka ca 2009 cifuwa cinagwa pa banja lina la agorila ku Rwanda. Mai mmodzi ndi khanda anafa, ndipo asing'anga a nyama atapima mitembo anapezamo kacirombo ka nthenda ya anthu. Pa nyama zocepa cotere, imfa ziwiri sizicepa. Cifukwa cace ngakhale mwana wa gorila akadza yekha mosewera kufuna kukhudza mlendo, mlendoyo ayenera kufutuka.

Anyani a kuno kwao sali osowa ngati agorila, koma danga liwasunga iwonso. Apaulendo ena aponyera anyani nthoci m'mbali mwa mseu, nayesa kuti acita cifundo. Nyani wolandira cakudya m'manja mwa munthu ataya mantha. Mawa alanda cimene mwana wanyamula, mkuca alowa m'nkhokwe, ndipo mano ace ngatali ngati a galu wolusa. Potsiriza anthu amupha, ndipo amene anamponyera nthoci sadziwa konse kuti imfayo inayambira m'dzanja lace.

Pali mau ena oyenera kuwamva. Anthu a m'midzi yoyandikana ndi nkhalango ati, "Ife atiuza tisayandikire njobvu, nanga njobvu aiuza ndani kuti isayandikire minda yathu?" Amenewa anena zoona, ndipo amene njobvu sinamdyere munda asafulumire kuwatsutsa. Mu 2022 njobvu 263 zinacotsedwa ku Liwonde kunka ku Kasungu, ndipo pambuyo pace anthu ena a m'midzi ya kumeneko, ndi a tsidya la malire ku Zambia, anaphedwa ndi njobvu zoturuka m'nkhalango. Mlimi sakhoza kusunga danga yekha usiku ndi muuni m'manja; nchito imeneyo njaboma ndi osunga nyama. Ku Liwonde anazinga nkhalango ndi mpanda wa magetsi, ndipo mpandawo ufuna anthu ouyendera ndi kuukonza masiku onse, pakuti njobvu iphunzira msanga pamene waya waduka.