Mpanda wa ku Chileka, msewu wa ku Chingale ndi maenvulopu a ku Sanjika

Mu Januwale 2019 ndege za South African Airways zinaleka kutera pa bwalo la Chileka. Oyendera za chitetezo ochokera ku South Africa anapeza mpanda wa bwalolo uli wothyokathyoka, ndipo galimoto zozimitsa moto ndi ambulansi zinali zosadalirika. Ili ndi bwalo lomwe Kamuzu Banda anatsikirapo pa 6 Julaye 1958, khomo la mzinda wa malonda wa dziko lino, koma linachititsidwa manyazi ndi waya wa mpanda. Boma lomwe silisowa mafuta othira mumdipiti wa galimoto zoperekeza mtsogoleri linasowa yogulira waya.

Wochoka ku Chileka kulowera m'tauni amadutsa pa Kameza. Pamenepo ndi pomwe panayenera kukhala chipatala chachikulu chomwe Libya ya Muammar Gaddafi inalonjeza m'nthawi ya Bakili Muluzi. Ntchitoyo inaima panjira. Blantyre yakhala zaka zonsezi yopanda chipatala chake cha boma chaching'ono monga zilili ku Chiradzulu kapena ku Thyolo, kotero mayi wa kwa Kuntaja kapena kwa Lundu amene zamuvuta pobereka amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Gulupu, kukapanikizana ndi odwala ochokera m'chigawo chonse cha kummwera. Amene ali ndi kangachepe m'thumba amapatukira ku Mlambe, pa Lunzu, komwe n'kolipira.

Kumpoto kwake, pa Lirangwe, pali mphambano ya msewu wopita ku Chingale mpaka ku Machinga, wa makilomita opitirira 60. Msewu umenewu wakhala nyimbo ya kampeni kwa maboma otsatizana, ndipo Peter Mutharika anakhazikitsa ntchito youmanga mu 2018, chisankho chili pafupi. Anthu a kumeneko aona zambiri: matenti, amayi ovina atavala nsalu za chipani, mafumu atandandalikidwa pamipando yapulasitiki, makina akufika ndi fumbi lake kenako n'kuzimiririka. Wakabaza amene wakhala akukankha njinga m'matope a Febuluwale ndi thumba la chimanga kumbuyo safunika kumufotokozera kuti ndalama za boma zimasochera.

Chodabwitsa n'chakuti nthawi zonse yankho la akuluakulu limakhala loti ndalama palibe. Zilipo, ndipo zimachokera kwa anthu omwewa. Mayi wogulitsa tomato pa msika wa Lirangwe amadula tikiti tsiku lililonse, wagulitsa kapena sanagulitse. Mphunzitsi amadulidwa msonkho malipiro asanawagwire n'komwe. Wogula sopo, simenti kapena mayunitsi amalipira VAT, ndipo woyendetsa minibasi yopita ku Lilongwe amasiya ndalama pa zipata za Chingeni ndi Kalinyeke. Vuto ndi kumene ndalamazo zimakathera.

Mu Seputembala 2013, Paul Mphwiyo, mkulu woona za bajeti ku Unduna wa Zachuma, atawomberedwa pa geti la nyumba yake ku Lilongwe, dziko linadziwa za Cashgate. Kampani ya Baker Tilly inapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, ndipo kafukufuku wotsatira anakweza chiwerengerocho kufika pa K24 biliyoni. Makampani ankalandira macheke popanda kupereka ngakhale msomali. Mayiko othandiza anaimitsa ndalama zawo zolowa m'bajeti, ndipo amene anamva kuwawa ndi wodwala wouzidwa kuti akagule yekha mankhwala. Mmodzi mwa okhudzidwa, Oswald Lutepo, anagamulidwa zaka 11. Anthu anaganiza kuti Capital Hill yatengerapo phunziro.

Sinatengerepo. Mu 2021 kafukufuku wa K6.2 biliyoni ya Covid-19 anaonetsa kuti ndalama zambiri zinathera m'maalawansi ndi kugula katundu mosatsata ndondomeko, ndipo Lazarus Chakwera anachotsa nduna ya zantchito Ken Kandodo. Chaka chotsatira boma linalipira K750 miliyoni yogulira feteleza wotsika mtengo wa AIP ku Barkaat Foods, kampani ya ku Britain yodziwika ndi malonda a nyama. Nduna ya zaulimi Lobin Lowe ndi wachiwiri wake anachotsedwa mu Okutobala 2022, mvula ili pakhomo, alimi akugona pa madepoti kudikirira matumba awiri. Kuba ndi mbali imodzi chabe. Kuwononga kwakukulu n'kololedwa ndi malamulo: msonkhano womwe ukanachitikira mu ofesi ku Lilongwe umakachitikira kunyanja ku Mangochi kapena ku Salima kuti aliyense asainire alawansi, galimoto zatsopano za mabwana, maulendo akunja okhala ndi chinamtindi cha operekeza. Mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, Chakwera anaimitsa maulendo akunja a akuluakulu a boma kwa miyezi ingapo ndi kudula pakati mafuta a nduna. Ngati boma linatha kuyenda miyezi imeneyo popanda maulendowo, ndiye kuti ambiri mwa iwo anali osafunika kuyambira kale.

Gwero la zonsezi ndi kasankhidwe ka anthu m'maudindo. Munthu wolembedwa ntchito chifukwa cha mayeso ndi luso amaopa malamulo. Wopatsidwa mpando chifukwa anavina bwino pa kampeni amaopa amene anamupatsa, ndipo akauzidwa kuti sainira apa, amasaina. M'nthawi ya DPP, chisanafike chaka cha 2020, dandaulo linali loti maudindo onona akupita kwa anthu a ku Thyolo, Mulanje ndi Phalombe, ndipo makadeti ankalowa m'mabungwe a boma ngati kwawo. Mgwirizano wa Tonse unalowa m'boma mu 2020 utalonjeza kuthetsa zokonderana. Nduna zoyamba zinalipo 31, ndipo mwa izo munali Sidik Mia ndi mkazi wake Abida Mia, komanso Ken Kandodo ndi mlongo wake Khumbize Chiponda. Posakhalitsa dandaulo linangosintha chigawo, kuchoka kummwera kupita pakati. Mabodi a ESCOM, ADMARC, NOCMA ndi makampani a madzi amasesedwa boma likasintha, akazembe amaitanidwa kuti abwerere, ena atsopano n'kutumizidwa ndi mabanja awo, ndipo ochotsedwa mosatsata malamulo amakasuma n'kupambana chipukutamisozi cha mamiliyoni. Amalipira ndi mayi wa tomato uja. Otsatira chipani cholamula akafunsidwa amangoseka n'kuti wamkachisi amadya zamkachisi, ngati kuti Boma ndi kachisi wa chipani.

Woyenera kukuwa zikatere ndi mtolankhani, ndipo apa mpomwe pali bala lina. MBC imayendetsedwa ndi msonkho wa aliyense, wa MCP, wa DPP, wa UTM ndi wopanda chipani, koma chiyambire 1964 yakhala ikuombera m'manja amene ali pampando. M'nthawi ya Bingu wa Mutharika inali ndi mapulogalamu ngati Makiyolobasi, onyoza otsutsa boma. Boma likasintha, mawu omwewo amayamba kutamanda amene ankawanyoza dzulo. Nyumba zina zofalitsa nkhani nazo zili ndi eni ake odziwika: Times inachokera ku banja la Kamuzu, Nation inayambitsidwa ndi Aleke Banda mu 1993, Joy inayambitsidwa ndi banja la Muluzi, ndipo Gospel Kazako, amene anayambitsa Zodiak, anakhala nduna yofalitsa nkhani mu 2020. Umwini pawokha si mlandu, koma womvera ali ndi ufulu wokweza nsidze. Onjezanipo chipondamthengo, kandalama kamene wokonza msonkhano amapatsa atolankhani akamabalalika. Mu Novembala 2014 atolankhani oitanidwa ku Sanjika anapatsidwa maenvulopu a K50,000 aliyense. Ena anabweza, ena anakapereka kwa osowa, ena anaika m'thumba. Nyuzipepala yomwe imadalira zotsatsa malonda za maunduna imaganiza kawiri isanalume, ndipo boma limadziwa zimenezi: mu 2010 linaletsa maofesi ake kutsatsa malonda mu Nation.

Komabe, wonena kuti atolankhani onse ndi ogulidwa akunama. Nkhani ya chimanga cha ku Zambia, yomwe inachotsetsa George Chaponda pa unduna mu Febuluwale 2017 (khoti linadzamupeza wosalakwa), inakumbidwa ndi atolankhani, ndipo MRA inatseka maofesi a Times mu Januwale chaka chomwecho nkhaniyo ili m'kamwam'kamwa. Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism anamangidwa mu Epulo 2022 chifukwa cholemba za malipiro a boma ku kampani yokhudzana ndi wamalonda Zuneth Sattar. Zambiri zomwe zalembedwa pamwambapa anthu anazidziwa kudzera m'manyuzipepala ndi mawailesi omwewo amene amatukwanidwa.

Ndipo chomwe chalowa m'malo mwawo n'choopsa kuposa iwo. Pa siteji ya Lirangwe kapena ku Chileka anyamata amaunjikana pa foni imodzi kumvera mawu ojambulidwa a pa WhatsApp kapena tsamba la pa Facebook la munthu wosadziwika nkhope, wopanda mkonzi, wosasumirika kukhoti. Anthu a ku Chileka akudziwa kumene mphekesera zimafikitsa. Mu Okutobala 2017, nkhani ya anamapopa itachoka ku Mulanje ndi Phalombe kufika ku Blantyre, gulu la anthu linatentha mnyamata wa zaka 22 wodwala khunyu ku Chileka komweko. Panalibe magazi a munthu aliyense amene anapopedwa. Kukayikira MBC n'kwanzeru, koma kukhulupirira aliyense wotukwana MBC ndi kupusa kwa mtundu wina.

Zofunika kuchita sizachilendo, ndipo sizidya ndalama. Nduna zichepe, alangizi a mtsogoleri achepe, maudindo a m'mabodi ndi akuluakulu a mabungwe a boma azilengezedwa m'nyuzipepala kuti oyenera apikisane, ndipo bodi ya MBC isamasankhidwe ndi munthu amene wailesiyo ikuyenera kumufunsa mafunso. Pasayikidwenso mwala wa maziko wina mpaka miyala yakale itasanduka misewu ndi zipatala.

Chida chimodzi chili kale m'manja mwa anthu. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga wa boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Makomiti a chitukuko a m'midzi ya kwa Kuntaja, Kapeni, Lundu ndi Chigaru alembere khonsolo ya Blantyre kufunsa mndandanda wa ntchito zonse za thumba la chitukuko cha m'madera la CDF, mtengo wake ndi mayina a makontirakitala, alemberenso Roads Authority kufunsa ndalama zomwe zalipiridwa pa msewu wa Chingale chiyambire 2018. Mayankhowo akamatidwe pa chipupa cha msika wa Lirangwe, ndipo akakana kuyankha, kalata yofunsirayo ikamatidwe pomwepo ndi deti lake.