Amayi Apakati Apimidwe ndi Makina Nthawi Isanathe

Akuluakulu akale anati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Mayi woyembekezera angathe kuoneka wathanzi, kulima ndi kutunga madzi monga mwa masiku onse, pamene mwana m'chiberekero analeka kale kukula. Nthawi zambiri vutoli limachokera ku nsengwa, imene imapatsa mwana chakudya ndi mpweya. Nsengwa ikafooka mwana amafota pang'onopang'ono, ndipo akapanda kuzindikirika msanga amabadwa wosakwana makilogalamu 2.5, kapena kumwalira asanabadwe.

Kwa zaka zambiri azamba akhala akupima mimba ndi manja ndi tepi. Njirayi ndi yothandiza ndipo isatayidwe, koma imaphonya ngati m'mimba muli mapasa, madzi ochuluka, kapena ngati mayi sakudziwa tsiku limene anaima. Apa ndi pamene pafunika makina ounikira m'mimba, amene anthu amangoti sikani. Dokotala Ian Donald wa ku Glasgow ndi anzake anafalitsa zotsatira za makinawa m'chaka cha 1958. Makinawa amagwiritsa ntchito mafunde a phokoso losamveka ndi khutu, ndipo alibe cheza chonga cha X-ray.

Wopima amayeza mutu wa mwana, mimba yake ndi fupa la ntchafu, ndipo kuchokera pamenepo amawerengera kulemera kwake. Mwana amene ali m'gulu la 10 ochepetsetsa pa ana 100 a msinkhu wake amafunika kumuyang'anitsitsa. Kupima kamodzi sikukwanira, pakuti kukula kumadziwika pofananitsa miyeso iwiri yotalikirana milungu iwiri kapena kupitirira. Chipangizo cha Doppler chimaonetsanso mmene magazi akuyendera m'chingwe cha mchombo, ndipo izi zimathandiza dokotala kusankha kudikira kapena kuchiritsa mayi masiku asanakwane.

Amene ayenera kukhala patsogolo ndi amayi odwala kuthamanga kwa magazi, a matenda a shuga, oyembekezera mapasa, ndi amene anabalapo mwana wakufa kapena wochepetsetsa. Kuno kwathu malungo nawo amalowa mu nsengwa, n'chifukwa chake Malawi anayamba kupereka Fansidar kwa amayi apakati m'chaka cha 1993.

Ena akuti makinawa ndi odula ndipo ndalama zipite ku mankhwala. Mawuwa ali ndi nzeru, pakuti makina opanda munthu wophunzitsidwa bwino, opanda magetsi ndi galimoto yonyamula wodwala, sapulumutsa aliyense. Yankho lake ndi kuphunzitsa azamba ndi kukonza njira yotumizira odwala, kuti mayi wa kumudzi asadikire kufika ku Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba kapena Mzuzu zinthu zitavuta kale.

Vuto lina lili m'midzi momwemo. M'chaka cha 2016 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, linalangiza kuti mayi aonane ndi achipatala kasanu ndi katatu ndi kupimidwa ndi makina kamodzi milungu 24 isanakwane. Kupima koyambaku ndiko kumakhazikitsa msinkhu weniweni wa mimba. Popanda iko n'kovuta kusiyanitsa mwana wofota ndi mwana amene masiku ake anawerengedwa molakwika. Komabe amayi ambiri amabisa pakati mpaka mimba itaonekera, ndipo ena amafuna sikani pongofuna kudziwa ngati ndi mwamuna kapena mkazi.

Choncho mafumu ndi ogwira ntchito za Boma ali ndi udindo waukulu. Pamisonkhano yawo alimbikitse amayi kuyamba sikelo m'miyezi itatu yoyamba, ndipo akumbutse abambo kusunga ndalama ya ulendo ndi kuperekeza akazi awo. Oyang'anira zipatala m'maboma aonetsetse kuti makina amene alipo akugwira ntchito, ndi kuti mayi aliyense amene wauzidwa kubweranso akubweradi pa tsiku lake.