Cimphona naco cipimitse shuga

Mu jimu iliyonse, kaya ku Kabwata kaya ku Chelstone, muli mnyamata mmodzi amene timamucha "Biggie". Zitsulo zimene ife tiziopa, iye anyamula akuseka. Pa cakudya palibe womuletsa: mitanda isanu ya nsima, vitumbuwa pamwamba, botolo la zotsekemera lotsitsira. Ba coach amangoti, "Musiyeni adye, ni heavyweight."

Ine apa ndikana. Mu judo, mwamuna akapitirira makilo 100 palibenso malire. Anyamata opepuka sikelo imawalonda sabata iliyonse, koma Biggie palibe omufunsa. Ndipo sikelo sidziwa kusiyanitsa minofu ndi mafuta a pamimba, amene amalepheretsa insulin kugwira bwino nchito. Shuga imakwera mwakacetecete kwa zaka. Ludzu losatha, kukodza kawirikawiri usiku, kutopa, zonsezi mnyamata amati ni training.

Kupima sikutenga mphindi zisanu. Pita ku kiliniki m'mawa usanadye, akubaye cala. Kuyambira 6.1 mpaka 6.9 ni cenjezo, 7.0 kapena kuposa, apimenso bwino tsiku lina, cifukwa apo madokotala ayamba kukamba za matenda a shuga. Kunyumba tenga tepi ya telala: ciuno cisapitirire theka la msinkhu wako.

Ba coach, mumafunsa kale makilo. Funsaninso pepala la shuga ndi BP kamodzi pa caka. Bondo likadzavulala, Biggie adzaleka training, koma mitanda isanu ija sadzaileka, ndipo pamenepo inu simudzakhalapo.