Kumene wovota amapatsa wandale ndalama, boma n'kumubwezera

Sabata yatha ndimaphunzitsa ana anga a Fomu 3 za chisankho, ndipo ndisanalembe kalikonse pabolodi ndidawafunsa funso lomwe ndimaliyesa lophweka: nthawi ya kampeni, pakati pa wandale ndi wovota, amapatsa mnzake ndalama ndani? Kalasi yonse idayankhira pamodzi ngati kwaya kuti ndi wandale. Mnyamata wina wokhala kumbuyo adaonjezera kuti wandale amene sagawa kanthu ndiye kuti mpandowo sakuufuna. Nditawauza kuti kuli malo ena kumene wovota ndiye amapisa m'thumba n'kupatsa wandale, kenako boma n'kumubwezera ndalamazo, adaseka mpaka mphunzitsi wa kalasi yoyandikana nafe adasuzumira pazenera. Mtsikana wina, yemwe nthawi zambiri sayankhulayankhula, adati: "Aphunzitsi, ndiye anthu akumeneko amavoteranji?"

Funso limeneli landizunguza mutu sabata yonse. Ndiye lero ndati tikambirane za malo amenewa, poti alipodi, si nthano ayi.

Minnesota ndi chimodzi mwa zigawo 50 za dziko la America. Chili kumpoto, kumalire ndi Canada, likulu lake ndi St. Paul, ndipo muli anthu oposa 5 miliyoni. Kumeneko chigawo chilichonse chili ndi boma lakelake, bwanamkubwa wake, misonkho yake ndi nyumba yake ya malamulo. Ya ku Minnesota ili pawiri: maseneta 67 ndi aphungu 134. Onsewa amasankhidwa ndi anthu, ndipo monga kwina kulikonse, kampeni yawo imadya ndalama.

Kuchokera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, chigawochi chili ndi ndondomeko yotchedwa Political Contribution Refund. Munthu amene ali ndi ufulu wovota m'chigawomo amasankha yekha wopikisana pampando wa chigawo, kaya wauphungu, wauseneta kapena waubwanamkubwa, kapenanso chipani, n'kupereka ndalama. Wolandirayo amamulembera lisiti lovomerezeka lomwe amalitcha EP-3. Woperekayo amadzaza fomu, n'kuitumiza pamodzi ndi lisitilo ku nthambi yotolera misonkho ya chigawocho, ndipo pakapita nthawi ndalama zake zimabwerera, kaya pacheke kapena kuakaunti yake yakubanki. Kwa zaka zambiri boma linkabweza mpaka madola 50 pamunthu pachaka, ndi madola 100 pabanja. Kuyambira mu 2024 adakweza kufika pa madola 75 pamunthu ndi madola 150 pabanja. Ukapereka zoposa apo, zapamwambazo zapita, boma silibweza. Mpata wopempha ndi umodzi wokha pachaka, ndipo fomu iyenera kutumizidwa pofika pa 15 Epulo chaka chotsatira. Opikisana pampando wa mtsogoleri wa dziko lonse kapena wa ku Congress ku Washington salowa nawo m'ndondomekoyi.

Musathamangire kusintha madola 75 kukhala makwacha n'kugwira pakamwa. Kumeneko ndalama imeneyi siposa zomwe munthu wolandira malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi lamulo amapeza akagwira ntchito tsiku lathunthu. Ndi kandalama ka munthu wamba.

Si wandale aliyense amene angalembe lisitili. Ayenera kuyamba wasainira pangano ndi bungwe loyang'anira ndalama za kampeni, la Campaign Finance and Public Disclosure Board, kulonjeza kuti sadzagwiritsa ntchito ndalama zopitirira malire amene lamulo lidaika pampando womwe akufunawo. Akakana kusainira ndi ufulu wake, koma omuthandiza sabwezeredwa kanthu. Poyamba ndidadabwa kuti bwanji osangolamula onse kuti asapitirire malirewo. Yankho lake lili kukhoti. Mu 1976, pamlandu wa Buckley v. Valeo, khoti lalikulu la America lidagamula kuti boma silingakakamize wandale kuchepetsa ndalama zomwe amaononga pakampeni, poti uko n'kumutseka pakamwa. Chomwe boma lingachite n'kumunyengerera: ukavomera malire, tikuthandiza. Kubweza ndalamaku ndi nyambo imodzi mwa nyambo zimenezo.

Chomwe chidandikoka mtima n'chakuti ndondomekoyi imasintha khomo limene wandale amagogodapo. Tonse tikudziwa kuti kampeni imafuna mafuta agalimoto, zokuzira mawu, zithunzi zomata m'mitengo ndi nthawi pawailesi, ndipo ndalama zake sizigwa ngati mvula. Pali amene amazipereka. Akuluakulu adati kupatsa n'kuika. Wabizinesi amene wapereka chikwama chodzadza lero adzabwera chisankho chikatha kudzatenga zomwe adaika, kaya ndi kontirakiti, kaya ndi lamulo lomukomera. Tsono taganizani wandale wa ku Minnesota amene wayenda khomo ndi khomo n'kupeza anthu 200 oti aliyense amupatse madola 75. Wasonkhanitsa madola 15,000 popanda kugwadira bwana aliyense. Ndipo pakhomo lililonse akutha kunena mosachita manyazi kuti ndithandizeni, simuluza kanthu, boma likubwezerani. Kuti anthu 200 amenewa avomere, ayenera kukhala nawo pansi, kuwamvera, kuyankha mafunso awo. Wabizinesi mmodzi amangofuna chakudya chamadzulo kuhotela, nkhani yatha.

Palinso china chomwe ndimachiona ndi maso anga pasukulu pathu pano. Tili ndi midadada iwiri. Wina udamangidwa ndi anthu akufuna kwabwino ochokera kutali, ndipo mazenera ake atasweka palibe kholo lomwe lidabwera kudzafunsa. Winawo makolo adaumba okha njerwa, amayi n'kumatuta mchenga pamutu. Denga lake litayamba kudontha, makolo adafika kuofesi ya ahedi m'mamawa, ena atanyamula makasu akupita kumunda, kudzafunsa kuti malata aja adakhoma ndani. Munthu akaikapo thukuta lake pachinthu amachilondera. Ndikuganiza kuti wovota amene adatulutsa ndalama yake, ngakhale idabwezedwa, amamuona phungu uja ngati wantchito wake. Wovota amene adalandira nsalu ndi K2,000 amamuona ngati bwana womuchitira chifundo, ndipo bwana wachifundo sumufunsa za mlatho.

Koma ndisakunamizeni kuti ndidangoomba m'manja basi. Mawu akuti "tidzakubwezerani" ine amandiwawa m'makutu. Zaka zingapo zapitazo ndidatumidwa kumaphunziro a masiku atatu kutauni. Adatiuza kuti tiyendere ndalama zathu, malisiti tisunge, adzatibwezera. Ndidakongola ya basi kwa mnzanga wogulitsa mugolosale. Mafomu ndidadzaza kawiri, poti oyamba adati asowa. Ulendo wokalondola ndalamazo kuofesi ina udandidyera zoposa theka la zomwe ndinkalondolazo, ndipo pamene zimatuluka, teremu idali itatha, mtengo wa shuga utakwera kale. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, abale.

Sindikunena kuti maofesi a ku Minnesota amayenda ngati ofesi imeneyo. Koma vuto lenileni ndi lomwelo: kuti ubwezeredwe uyenera kuyamba wakhala nazo. Mayi amene akulera ana yekha, lendi ikumudikira kumapeto kwa mwezi, sangatulutse madola 75 n'kumadikira masabata angapo kuti abwerere, ngakhale atamukonda bwanji wandaleyo. Kuonjezera apo pali fomu, pali lisiti loti lisatayike, pali tsiku lomaliza loti alikumbukire. Zoterezi zimapepukira munthu wophunzira, wamalipiro okhazikika, amene amatsata kale zandale. Choncho ndondomeko yomwe idapangidwa kuti ikweze mawu a anthu wamba ingathe kumakweza kwambiri mawu a anthu apakatikati, osauka enieni n'kutsalabe kunja kwa mpanda.

Ngakhale boma lenilenilo silidasunge lonjezo lake nthawi zonse. Mu 2009, chuma chitavuta, bwanamkubwa Tim Pawlenty adaimitsa kubweza ndalamaku pofuna kutseka dzenje la mubajeti. Ndondomekoyi idadzabwerera mu Julaye 2013, n'kuimitsidwanso kuchokera mu Julaye 2015 mpaka pakati pa 2017. Apa mpamene ndidaona kuti andale ndi amodzimodzi kulikonse: thumba likachepa, choyamba kudulidwa ndi chomwe chimathandiza munthu wamng'ono kulowa m'bwalo.

Zigawo zina zidayesa njira zina. Ku Oregon munthu akapereka kwa wandale amachotseredwa mpaka madola 50 pamsonkho womwe amayenera kulipira. Imeneyi ndimaiona yoperewera kuposa ya Minnesota, chifukwa amene amapeza zochepa moti palibe msonkho woti alipire sapindula kanthu. Ku Minnesota amabwezera ngakhale munthu amene alibe msonkho woti achotseredwe. Mzinda wa Seattle, m'chigawo cha Washington, udatembenuza nkhani yonse. Mu 2015 anthu adavotera kuti pazisankho za mzindawo wovota azilandira makuponi anayi a madola 25 iliyonse, ndipo adayamba kuwagwiritsa ntchito mu 2017. Wovota amalemba dzina la wandale amene wamukonda pakuponipo, wandaleyo n'kukatenga ndalama kukhonsolo. Palibe kupisa m'thumba, palibe kudikira. Ife amene tidazolowera makuponi a feteleza tikudziwa ubwino wake, tikudziwanso kuti kuponi imatha kupeza msika wamseri.

Otsutsa ndondomeko ya Minnesota ali ndi mfundo yomwe sindingainyoze. Amati ndalama zobwezedwazo ndi za msonkho, za anthu onse, ndiye n'chifukwa chiyani msonkho wanga uzikathandiza wandale amene ine ndimadana ndi mfundo zake, pamene misewu ndi sukulu zikudikira? Mphunzitsi ngati ine, amene ana ake amagawana buku limodzi anthu asanu, sangamve funso limeneli n'kulambalala.

Komabe tisaiwale kuti ifenso kuno kwathu msonkho umapita kale kuzipani. Gawo 40 la malamulo aakulu a dziko lino limati boma lizipereka ndalama ku chipani chilichonse chomwe chapeza mavoti opitirira gawo limodzi mwa magawo khumi pachisankho cha aphungu. Kusiyana kwake n'kwakuti zathuzi zimapita kulikulu la chipani, kwa zipani zomwe ndi zazikulu kale, ndipo ine ndi inu sitifunsidwa. M'ndondomeko ya ku Minnesotayi ndalama ya boma siyenda pokhapokha nzika itailozera kopita. Ngati msonkho uyenera kulowa m'ndale, ine ndingakonde kuti chala cholozacho chikhale cha wovota.

Tili nalonso lamulo la zipani la 2018, lomwe lidaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pofuna kukopa mavoti, komanso lidalamula zipani kuulula thandizo loyambira K1 miliyoni kuchokera kwa munthu ndi K2 miliyoni kuchokera kukampani kapena bungwe. Lamulolo lilipo, koma yankho la ana anga a Fomu 3 lija likusonyeza zomwe maso awo akhala akuona kumisonkhano. Kuletsa kokha sikuyankha funso lakuti wandale woona mtima koma wosauka ndalama ya mafuta aitenga kuti. Anzathu a ku Minnesota adayesa kuyankha funso limenelo.

Kodi tingangokopera? Ayi, ndipo ndikuona kale pomwe pangabowoke. Wandale wochenjera angathe kupatsa anyamata ake ndalama, iwo n'kumubwezera ngati thandizo, iye n'kuwalembera malisiti, kenako onse n'kukagawana zomwe boma labweza. Angathenso kungolemba malisiti popanda ndalama iliyonse kusintha manja. Ndondomeko yotere imadalira kuti pakhale bungwe lokhala ndi mano, lotha kufananiza lisiti lililonse ndi mabuku a kampeni, komanso ofesi yobweza ndalama m'nthawi yake osafuna kangachepe. Popanda ziwirizi ndiye kuti tangotsegula mpopi wina wotayira msonkho.

Lachisanu ndidabwerera m'kalasi muja ndi timapepala todula, kalikonse ndidalembapo K5,000. Ndidawauza kuti ayerekeze kuti ndi ndalama yawo, boma lidzabweza, ndipo alembe kumbuyo mtundu wa munthu amene angamupatse. Mnyamata wakumbuyo uja adafunsa ngati n'kololedwa kungoisunga. Ena adalemba kuti angapatse amene ali ndi mwayi wopambana, kuopa kutaya. Mtsikana uja adakweza dzanja n'kufunsa ngati boma limabwezabe ngakhale munthu amene wamupatsayo atagwa pachisankho. Ndidamuuza kuti inde, limabweza. Adati ndiye iye angapatse mayi wina wa m'mudzi mwawo yemwe adaimapo paukhansala koma adalephera kufika m'midzi ya kutsidya kwa mtsinje chifukwa adalibe ya kabaza. Kenako adafunsanso kuti nanga agogo ake, amene sadaphonyepo kuvota koma amadinda ndi chala, fomuyo angawadzazire ndani, ndipo wodzazayo akalemba dzina lina agogowo angadziwe bwanji. Ndidamulonjeza kuti tidzayambira pomwepo Lolemba.