Kubwerera kwao kwa anthu a ku Poland sikopepuka

Dziko la Poland litalowa m'bungwe la European Union pa 1 May 2004, anthu ambiri a m'dzikolo anapita kukafuna nchito ku Britain ndi ku Ireland, ena kusiya ana m'manja mwa agogo. Ndalama zimene anali kutumiza zinamanga nyumba, koma mabanja ena anapasuka.

Britain inatuluka m'bungweli mu 2020, ndipo ena mwa anthuwa akubwerera kwao. Malipiro ku Poland akwera, komanso kuyambira mu 2024 boma limapereka ma zloty 800 pamwezi kwa mwana aliyense.

Bvuto latsalira ana obadwira ku London kapena ku Dublin. Iwo akulowa m'masukulu ophunzitsa m'Cipolishi, cinenero cimene amacilankhula panyumba koma ambiri sanaphunzire kucilemba.