Tchuthi chino, mwana wamkazi naye ayese sayansi pakhomo

Sukulu zikatsekera, m'makomo ambiri ntchito zimagawika popanda wolankhula. Mnyamata amatola mawaya n'kupanga galimoto, n'kumakonza mateyala mpaka iyende. Mtsikana amapatsidwa mbale zotsuka ndi mwana kumsana. Akafika kusekondale timayamba kudandaula kuti atsikana amaopa Chemistry ndi Physics. Ife tikuti mantha amenewa amayambira pakhomo, ndipo mpomwe tingawathetse.

Sizifuna ndalama ayi. Viikani chidede chofiira m'madzi otentha mpaka madziwo afiire. Akazizira, mwana apake papepala ngati penti n'kudikira kuti liume. Kenaka ajambulepo maluwa ndi kathonje koviika m'madzi a mandimu, masamba ajambule ndi madzi a soda kapena chidulo chija timathira m'therere. Pomwe padutsa mandimu pamafiira mowala, pomwe padutsa soda pamada mobiriwira. Chimachitika n'chakuti utoto wa m'chidede umasintha mtundu ukakumana ndi asidi wa m'mandimu, n'kusinthanso mwina ukakumana ndi alikali wa mu soda ndi phulusa. Phunziro lomweli akalipeza m'kalasi, koma adzakhala ataliona kale ndi maso ake. Madzi otenthawo agwire wamkulu, ndipo chidulo chisayandikire m'maso.

China ndi mthunzi. Zikani ndodo pabwalo, mwana alembe mthunzi wake ndi khala 8 koloko m'mawa, 12 koloko masana ndi 4 koloko madzulo, akongoletse mizereyo ndi timiyala kapena zitsekero za mabotolo. Aona yekha kuti m'mawa mthunzi umatalika kuloza kumadzulo, masana umafupika, madzulo umaloza kum'mawa. Musafulumire kumuuza yankho. Mufunseni kuti, "Ukuganiza kuti n'chifukwa chiyani?" Akayesa kuyankha, ndiye mumufotokozere kuti dziko limazungulira kamodzi pa maola 24.

William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, anali ndi zaka 14 pomwe anapanga makina a mphepo opangira magetsi kuchokera ku mitengo ya bulugamu, zitsulo zotola ndi zipangizo za njinga. Anali atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, koma nthawi yoyesa, kulephera ndi kuyesanso anali nayo. Nthawi imeneyi ndi yomwe atsikana ambiri timawamana.

Ndiye amayi, abambo, azakhali ndi agogo, pempho lathu ndi ili: ntchito zapakhomo zigawidwe mofanana. Mnyamata atsukeko mbale, mtsikana apeze ola limodzi patsiku lojambula, kusakaniza ndi kufunsa mafunso. Akadetsa diresi ndi chidede musamukalipire, sopo alipo. Abambo, nanunso mukhale nawo pamphasapo, sikuti ndi ntchito ya amayi okha.

Yesani sabata ino, ndipo muitanenso ana a oyandikana nawo.